A Tionekaye ndi Wotchi ya mu Seva

Pa kampani yoswetsa anapiye ija, munthu kompyuta ikamuvuta sankati aitane katswiri. Ankangoti, "Kaitaneni a Tionekaye." Dzina lawo lenileni linatsala m'mafaelo a ku ofesi yolemba anthu ntchito. Ili analipata chifukwa cha kayankhidwe kawo. Munthu abwere ali wefuwefu, kunena kuti zonse zafufutika, iwo ankayamba avala magalasi awo olendewera pachingwe, kenako n'kunena motsitsa kuti, "Tione kaye." Bwana akalipe, yankho linali lomwelo. Mpaka amuna awo, omwe anali owotcherera zitsulo, anafika politengera kunyumba. Mpopi ukayamba kudontha ankaitana ali pakhonde kuti, "A Tionekaye, kuno nakonso kukufunika kuona kaye."

Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wamfupi, wojintcha, woyenda mosafulumira. Sanayambire pa makompyuta. Analowa pakampanipo ali mtsikana, nthawi ya bambo ake a bwana wa panopa, ndipo ntchito yawo inali yotayipa makalata. M'chipinda chimenecho munkakhala atsikana asanu ndi mmodzi, aliyense ndi taipi yake, phokoso lili ngati matalala padenga la malata. Makompyuta atabwera, anzawo anayi anauzidwa kuti akapume chaka chisanathe. Iwo anaona kuti mphepo yatembenuka. Wokonza makompyuta akabwera, ankamuwalitsira tochi pansi pa madesiki, kumunyamulira mawaya, uku akumufunsa mafunso mpaka munthuyo kumayankha ndi mutu wokha. Zonse ankalemba m'kope. Loweruka lililonse kwa zaka zitatu ankapita kusukulu ya zamakompyuta, kukhala benchi limodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wawo. Anawo ankawatcha anti n'kumaseka akamasakasaka batani ndi chala chimodzi. Mayeso akayandikira, omwewo ankabwera ndi ulemu wonse kudzabwereka kope lija.

Ofesi yawo inali kachipinda ka kuseri kwa masitepe, kopanda windo. Mmenemo ndimo munali seva, kompyuta yaikulu imene makalata onse a imelo a pakampanipo ankadzeramo, olowa ndi otuluka, ngati pa positi ofesi. Chifukwa cha makina oiziziritsira, a Tionekaye ankavala juzi ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. M'chikwama chawo simunkasowa sikuludilaiva, zidutswa za mawaya, kaburashi kotsukira mano kamene ankachotsera fumbi, ndi maswiti a chifuwa omwe ankapatsa aliyense wobwera ali wokwiya. Ankati munthu wa switi mkamwa amafotokoza vuto lake mwachidule.

Chaka chimenecho mwana wawo wamkazi anabereka mwana woyamba, ndipo kunali kwa opareshoni. A Tionekaye anatenga tchuthi cha milungu itatu, choyamba chachitali pa zaka zisanu ndi zinayi. Asananyamuke analemba pasiwedi ya seva papepala, kuiika mu envelopu, kumata, n'kukaipereka kwa bwana pamodzi ndi kiyi wa kachipinda kaja.

"Iyi mutsegule pokhapokha nyumba ikupsa, bwana."

"Pitani mukalere mdzukulu, mayi. Milungu itatu tingafe?"

Sanafe, koma seva inafa. Inazima Loweruka la mlungu wachiwiri ndipo sinadzukenso. A kampani yomwe inkawagulitsa makina anabwera ndi yatsopano, kusamutsa makalata onse, n'kumaliza Lamlungu masana. Bwana anaimba kuwauza kuti zonse zili bwino. Foniyo inawapeza ali kuchipatala, khanda litayamba chikasu, ndipo iwo anangothokoza n'kuibweza m'chikwama.

Tsiku lobwerera kuntchito linali Lolemba. Atangolowa pageti anaona Amake Mapasa atakhala pabenchi ya alendo, chikwama pamiyendo, atavala diresi yopitira kutchalitchi. Amake Mapasa anali kalaliki wolandira maoda, mayi waphee yemwe anagwira pamenepo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo malo ake anali padesiki ya pafupi ndi windo, osati pabenchi imeneyo.

"Achemwali, mwakhala ngati mlendo bwanji?"

"Ndine mlendo kumene, anti. Anandiimitsa Lachinayi. Mlandu wanga uli 2 koloko masana ano."

A Tionekaye anakhala pambali pake n'kumupatsa switi. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Anapiye ankaswedwera kufamu, mtunda wa makilomita khumi ndi asanu kuchokera kuofesi ya m'tauniyo. Lachitatu lapitalo, lole inayenera kunyamuka kufamuko 11 koloko ndi anapiye zikwi zinayi a tsiku limodzi, kupita kwa mlimi wina wa kutali. 9 koloko m'mawa mlimiyo anaimba kuti asatumize, mlatho wa panjira yakwawo autseka, adikire Lachisanu. Lamulo la pakampanipo linali lakuti kusintha kulikonse kwa ulendo kulembedwe pa imelo. Amake Mapasa analemba nthawi yomweyo kwa mkulu woyang'anira magalimoto kufamu, yemwe aliyense ankamutcha a Hutala chifukwa mawu awo ankamveka kuyambira kugalaja mpaka kugeti. Anatumiziranso bwana ndi mlimiyo kalata yomweyo. Anaimba kawiri foni ya a Hutala koma inangolira yokha. Lole inanyamuka. Inakaima pamzere wa magalimoto pamlathopo dzuwa lili pamutu, inavutika kutembenuka, ndipo pobwerera kufamu anapiye oposa theka anali atafa.

"Ndiye a Hutala akuti kalata ndinatumiza 4 koloko madzulo, nditamva kale kuti zavuta. Pafoni ya bwana pakuonekadi 4:10 madzulo. Pakompyuta yanga pali 9:10 m'mawa. Nditawaonetsa anati ndakonza ndekha kuti ndidzipulumutse. Ine anti, kukonza nthawi ya kalata ndingadziwire kuti? Foni yangayi amandikonzera ndi mapasa."

"Mwadya kanthu m'mawa uno?"

"Sizikulowa."

"Pitani kukantini mukamwe tiyi. Musachoke pano. Tione kaye."

Analowa m'kachipinda kawo, kuvala juzi, n'kuima pamaso pa seva yatsopanoyo. Inali yakuda, yonyezimira, pulasitiki ya kufakitale isanachotsedwe m'mbali. Choyamba anayang'ana wotchi ya pasikirini. Inali 8:40. Ya pamkono pawo inali 8:40. Munthu wina akanati pamenepa palibe nkhani, n'kukasaka kwina. Iwo anatsegula kaundula, momwe seva imalemba chilichonse chimene yachita ndi chimene yakana. Mmenemo anapeza mzere umodzi wobwerezedwa kokwana mazanamazana kuyambira Lolemba la mlungu wathawo. Makompyuta atatu a kufamu ankagogoda, seva n'kumawabweza, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi: nthawi zasiyana kwambiri.

Zimenezi ankazidziwa bwino. Ambiri a muofesi ya m'tauni ankawerenga makalata pafoni kapena pa intaneti, ndipo kumeneko seva inkangofunsa pasiwedi basi. Makompyuta a kufamu ankalowa mwa njira ina yokhwima. Iliyonse inkayenera kuonetsa chiphaso cholembedwa nthawi, kuti wakuba asatole chiphaso chakale n'kulowera, monga kondakitala amakanira tikiti ya dzulo. Wotchi ziwirizo zikasiyana ndi mphindi zoposa zisanu, chitseko sichinkatseguka.

Anaimba kufamu. Anayankha ndi mayi wosesa muofesi, ndipo anamupempha kuti awerenge nthawi yomwe ili pakona ya sikirini ya a Hutala.

"Ili 8:52, mayi."

Ya pa seva inali 8:52. Wotchi ziwiri zonena chimodzi, koma imodzi ikukana inzake kuti yasochera. A Tionekaye anavula magalasi, kuwapukuta ndi juzi, n'kuvalanso. Kenako anatsegula pamene makina amauzidwa dera la dziko limene ali, pomwe amisiri amati taimuzoni. Apo ndiye panagona nkhani. Seva inkadziyesa kuti ikadali kudziko limene inapangidwa, kutsidya la nyanja, kumene dzuwa limatuluka patatha maola asanu ndi awiri kuno litatuluka kale. Oibweretsa aja anaiwala kuiuza kuti yasamuka. Ndipo munthu wina, ataona wotchi ikunena zosemphana ndi ya pakhoma, anazimitsa potengera nthawi yokha kuchokera pa intaneti n'kuikankha ndi dzanja kuti ifanane ndi yathu. Pamaso inkaoneka yolondola. Mkati, pa nthawi imene makompyuta a dziko lonse amagwirizana, inali itathamanga maola asanu ndi awiri. Kalata ya 9:10 m'mawa inkadindidwa ngati 9:10 ya kutsidya kuja, ndipo foni ya bwana, yodziwa kumene ili, inkaitembenuza mokhulupirika kukhala 4:10 madzulo.

Kaundula uja anaonetsanso nthawi imene dzanjalo linagwira wotchi: Lolemba lathalo, 8 koloko isanakwane, pa kiyibodi ya m'kachipinda momwemo. Ogulitsa makina anali atapita Lamlungu. Kiyi anali ndi munthu mmodzi. A Tionekaye anasuzumira m'bini ndipo anaona envelopu yawo ija, yong'ambidwa mwaukhondo ndi mpeni wotsegulira makalata.

Anakhala pansi n'kupumira m'mwamba. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kukonza wotchiyo kunali kwa mphindi ziwiri, koma sanaikhudze. Akanaikonza pamenepo, umboni ukanapita nayo. Anajambula sikirini ndi foni, kusindikiza masamba awiri a kaundula, n'kukatenga Amake Mapasa kukantini kubwera naye m'kachipinda kaja.

"Tsegulani nokha bokosi lanu la makalata. Ine ndingathe, koma sindilowa m'nyumba mwa munthu mwini wake ali pakhomo. Mlimi uja anayankha?"

"Anayankha. Anangoti zikomo, walandira."

Anaitsegula kalatayo mpaka mkati, momwe anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti mulipo. Kalata ya imelo ili ngati envelopu yodutsa mapositi ofesi angapo, iliyonse n'kudindapo chidindo chake. A Tionekaye anayendetsa chala pamizereyo. Chidindo cha seva ya kumene mlimiyo ankatumizira makalata chinali pomwepo, ndipo seva imeneyo inalibe chifukwa chonamizira aliyense. Chinkati 9:21 m'mawa, Lachitatu.

"Mwaona? Ngati munalemba 4 koloko madzulo, ndiye kuti bambo ameneyu ndi mneneri. Anakuyankhani funso musanafunse."

Amake Mapasa anaseka, kuseka kwake n'kuthera m'misozi. Yankholo litasindikizidwa, anafuna kuthamanga nalo pepalalo kuofesi ya bwana m'mwamba nthawi yomweyo, koma a Tionekaye anamugwira mkono.

"Ayi. Pali munthu woti ndimuone ndekha kaye. Inu khalani muno, juzi ina ili kuseri kwa chitseko."

Bwana anali wamng'ono kwa iwo ndi zaka khumi. Anamudziwa akadavala kabudula wa kusukulu, akubwera kudzasewera ndi taipi yawo podikira bambo ake. Sanali munthu woipa. Anali wachangu, wokonda kuti chinthu chikapindika achiwongole yekha pompopompo, kaya ndi chithunzi cha pakhoma kaya tayi ya wantchito. Anawalandira ndi manja awiri, kufunsa za mdzukulu, n'kudandaula za anapiye. A Tionekaye anatseka chitseko.

"Bwana, nthawi ili bwanji pawotchi yanu?"

"11:20. Bwanji?"

Anatulutsa foni, kulemba mawu amodzi, n'kutumiza. Foni ya bwana inalira padesiki.

"Taonani nthawi imene yalembedwapo."

Bwana anayang'ana, kuyang'ananso, n'kuiyandikitsa kumaso.

"6:20 madzulo. Koma izi..."

"Makalata onse a mlungu wathawu ali choncho. Inu mumawerenga madzulo mukafika kunyumba, ndiye sizinakudabwitseni. Atsikana a kumaoda anaona, anawauza ogulitsa makina aja, iwo n'kungoti azimitse mafoni ayatsenso."

Anamufotokozera zonse mwachidule, kumuonetsa yankho la mlimi, kenako masamba a kaundula. Sanatchule envelopu. Anangoika chala pamzere wa Lolemba m'mawa n'kuchisiya pomwepo. Bwana anauwerenga mzerewo kawiri.

"Ndinalowamo kukaona ngati ikuyenda," anatero potsiriza. "Wotchi inkanena 1 koloko usiku, kunja kutacha. Ndinati ana aja asiya ntchito yosamaliza. Ndinangoikonza ngati mmene munthu amakonzera wotchi ya pakhoma."

"Munaona bwino kuti yalakwa. Kungoti seva imeneyi thupi lili kuno, mtima ukadali kwawo. Inu munakonza nkhope."

Bwana anaimirira n'kupita pawindo.

"Chabwino. Kaikonzeni. Mlanduwo ndiuthetsa, ndimuuza mayiyo abwerere padesiki yake mawa. Tinene kuti makina anali ndi vuto. Si bodza limenelo."

"Si bodza, koma ndi theka. Mayi ameneyu wanenedwa wabodza pamaso pa anthu. Madalaivala akudziwa, a kukantini akudziwa, mlonda wa pageti sakumuyang'ana kumaso. Mukamubweza mwakachetechete, anthu adzati bwana anangomumvera chisoni chifukwa cha mapasa. Dzina lodetsedwa pagulu limachapidwa pagulu."

"Ndiye mukufuna ndikadzivule pamaso pa antchito anga?"

"Ine sindikatchula munthu. Ndikanena zimene makina anachita, imeneyo ndiye ntchito yanga. Koma a Hutala si mwana, akafunsa kuti anaikankha ndani. Pamenepo ndikakhala chete, ndipo chete wanga akamveka kuposa hutala yawo."

Bwana anatulutsa kampweya m'mphuno, kokhala ngati kuseka.

"Bambo anga ankati inu ndi amene munkawakonzera chizungu m'makalata osawauza."

"Ankadziwa. Ankangonamizira kusaona."

2 koloko itakwana anakumana m'chipinda cha misonkhano: bwana, mkulu wa ofesi yolemba anthu ntchito, Amake Mapasa, a Hutala, ndi a Tionekaye kumapeto kwa tebulo ndi mapepala awo. A Hutala anali bambo wamtali, wa ndevu za imvi, yemwe anayendetsa malole zaka makumi awiri asanapatsidwe ofesi. Anayamba ndi iwo kulankhula, ndipo magalasi a m'mawindo ankachita kunjenjemera. Anati pa moyo wawo wonse sanatayepo katundu wa kampani, ndipo kalata ya 4 koloko singaimitse lole ya 11 koloko. Zimenezi ankazikhulupirira ndi mtima wonse, chifukwa ndi zomwe anaona ndi maso awo pafoni ya bwana.

A Tionekaye anabwereza chionetsero chija. Anapempha a Hutala kuti anene okha mawu oti alembe, anatumiza, ndipo foni ya bwana inazungulira tebulo lonse ikuonetsa 9 koloko usiku, dzuwa likuwala pawindo. Kenako anapereka pepala la yankho la mlimi.

"Achimwene, ndili ndi funso limodzi. Kompyuta yanu inatsegula makalata komaliza liti?"

A Hutala anakanda ndevu. Mawu anatsika mpaka kufika pa a munthu wamba.

"Lachisanu lija, seva isanafe. Kuyambira Lolemba imangondifunsa pasiwedi. Ndilemba, ikana. Ndilemba, ikana."

"Munauza ndani?"

"Ndimayesa ndaiwala ndine. Ukalamba uwu. Ndinayesa maina a ana anga onse asanu ndi mmodzi, la mayi awo, nambala ya lole yanga yoyamba, mpaka dzina la galu. Inu munali kulibe, ndiye ndikanauza ana a muofesi muno kuti azikandiseka? Ndinati ndidikire mubwere. Maulendo ndimayendetsa ndi pepala la mlungu lomwe lili pakhoma."

"Pasiwedi yanu inali yolondola nthawi yonseyi. Seva ndi imene inkakukanani chifukwa cha wotchi yake. Nanga foni?"

"Inali pa chaja muofesi. Ine ndinali kunja, tikupakira."

A Hutala anatembenuza pepala lija kangapo, kenako anafunsa funso lomwe a Tionekaye ankalidikira.

"Ndiye wotchiyo anaikankha ndani?"

A Tionekaye anayamba kusonkhanitsa mapepala awo, kuwalinganiza m'mbali mosamala kwambiri. Sanadikire nthawi yaitali.

"Ndine," anatero bwana. "Ndinalowa m'chipinda chosandikhudza n'kugwira chinthu chosachidziwa. Ndinkayesa ndikuthandiza." Anatembenukira kwa Amake Mapasa. "Mayi, munachita zonse zimene lamulo limanena, ndipo munaonjezapo kuimba kawiri. Ine ndinakhulupirira foni kusiya munthu amene wagwira nafe zaka khumi ndi chimodzi. Pepani. Kalata yokuimitsani ichotsedwe m'faelo lero, ndipo ndilemba ina yopita kwa aliyense kufotokoza zimene zinachitika."

Amake Mapasa anangoti, "Zikomo, bwana," maso ali patebulo. A Hutala anapatsidwa chenjezo chifukwa chokhala masiku atatu osaona makalata n'kusanena, ndipo analandira osatsutsa. Anagwirizananso kuti kuyambira tsiku limenelo ulendo wa anapiye ukasintha, kalata izilembedwa ndithu, koma kalaliki asapume mpaka atamva mawu a munthu wa kufamu m'khutu mwake, ngakhale akhale mlonda. Potuluka, a Hutala anaima pakhomo kutsekereza njira, chipewa chili m'manja.

"Mlongo, pakamwa pangapa mukupadziwa. Ndinalankhula zambiri Lachinayi lija."

"Munalankhuladi."

"Ndikhululukireni."

"Ndamva. Kukhululuka ndikhululuka, koma mundipatse masiku. Ana anga anamva kusukulu kuti amayi awo apha anapiye."

A Hutala anagwedeza mutu n'kupatuka.

Tsopano panatsala ntchito yeniyeni. A Tionekaye anazungulira maofesi onse kuchenjeza kuti 3:30 makalata aima kwa mphindi khumi, ndipo munthu asabwere kudzagogoda. Sankafuna kubweza wotchi maola asanu ndi awiri makalata ali pakati pa ulendo. Anaimitsa kaye zolowa ndi zotuluka, kusunga kope la zonse, n'kuiuza seva dera limene ili. Kenako anayatsa potengera nthawi yokha paja. Manambala a pasikirini anaphethira, anasintha, n'kukhazikika pa 3:34, mofanana ndi ya pamkono pawo, koma ulendo uno kunja ndi mkati momwe. Anatsegulanso njira ya makalata n'kuyang'ana kaundula. Mzere wokana uja sunabwerenso.

Foni inalira pasanathe mphindi zitatu. Anali mayi wosesa uja kufamu.

"Mayi, kompyuta ya a Hutala yayamba kulira yokha. Makalata akungogwa, afika mazana awiri ndi khumi ndi anayi. Ndiizimitse?"

"Isiyeni idye, yakhala ndi njala mlungu wonse."

Sizinathere pomwepo. Makalata a mlungu uja anatsala ndi zidindo zawo zolakwa, ndipo kwa maola angapo atsopano ankabisala pansi pa akale, anthu n'kumabwera kudzanena kuti sakulandira kanthu. Misonkhano imene inalembedwa pakalendala mlungu umenewo inasuntha yonse, ndipo a Tionekaye anakhala ndi mlembi wa bwana kuibwezeretsa umodziumodzi. Anaimbiranso ogulitsa makina aja. Sanakalipe. Anangowawerengera zimene anapeza, mzere ndi mzere, n'kuwapempha kuti azilembe pa pepala lawo loyendera pomwe akuika makina kwa ena. Wa kumeneko anayamba ndi kuwatcha amayi mopeputsa, anamaliza akufunsa kuti abwereze pang'onopang'ono kuti alembe.

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe n'kupeza amuna awo akupenta geti la kasitomala pabwalo. Anawafotokozera nkhani yonse atakhala pa ndowa yovundikira, nsapato atavula.

"Ndiye anapiye zikwi ziwiri afa chifukwa cha wotchi?"

"Wotchi inangoyambitsa. Afa chifukwa bambo wina anachita manyazi kunena kuti zamukanika, ndipo wina sanachite manyazi kugwira zimene sadziwa."

"Ine ndili mbali iti pamenepo?"

"Inu muli konsekonse, abambo. Wailesi ija munaitsegula kumbuyo chaka chatha ili kuti?"

Amuna awo anaviika burashi m'chitini n'kunena kuti nkhani za kuntchito zizithera kuntchito.

M'mawa mwake anakwera galimoto ya kampani kupita kufamu, chifukwa mwa makompyuta atatu aja, awiri okha ndiwo analowa. Yachitatu inali ya kusitolo ya zakudya za nkhuku, yakale, yotuwa ndi fumbi la gaga. Wosunga sitolo anali atamva kale nkhani yonse ndipo anawalandira ngati wodziwa.

"Nayonso ndi taimuzoni imeneyi, mayi. Ndaona kale."

A Tionekaye anayang'ana. Dera linali lolondola, ola linali lolondola, popeza mwini wake ankalikonza m'mawa uliwonse akayatsa. Koma chaka chinali cha kalekale, mdzukulu wawo asanabadwe, mayi ake akadali kupulaimale. Kompyutayo inkayang'ana chiphaso cha seva yatsopano n'kumati tsiku lake loyambira kugwira ntchito silinafike. Anaizimitsa, kumasula zomangira zinayi, n'kupukuta fumbi ndi kaburashi kaja mpaka kuyetsemula kawiri. Pakona panali kabatire kozungulira, kakang'ono ngati batani la jekete, komwe kamasunga tsiku makina akazima. Kanali katatha masiku omwe iwo anali patchuthi. Anatulutsa kena m'kathumba ka m'mbali mwa chikwama, kukalowetsa ndi chala chachikulu, kutseka, n'kuyatsa. Anakonza chaka, ndipo makalata anayamba kulowa.

Wosunga sitoloyo anatola kabatire kakale kaja, kukatembenuza m'dzanja, n'kufunsa ngati kangagwire ntchito mu sikelo yake ya kukhitchini. A Tionekaye anamuuza kuti kafa, akataye kumene ana sangakatole. Kunja a Hutala anali akuitana kale madalaivala, ndipo galimoto yobwerera m'tauni inkanyamuka 10 koloko. Anasamba m'manja pampopi wa kuseri kwa sitolo, kukutumula gaga pasiketi, n'kupita kukakhala kutsogolo, pambali pa dalaivala.